Thireyi ya amayi Jere isakwere basi

Nabvutika,
Chipata.
Lachinayi masana.

Esinati mwana wanga,

Ndakhala pakhonde ndi pepala ili chifukwa zapakamwa zatikanika. Chiyambire Loweruka lija, ndikangoti “Esinati”, iwe watupa kale, ine mawu akwera, mwana wako Tamara wathawira kuseri kwa chitseko. Tsono poti wapita kukatsazika kwa apongozi ako ndipo ubwera dzuwa litapendeka, ndati ndilembe. Uwerenge mpaka kumapeto. Usapinde pepala pakati n'kunena kuti zonse ukuzidziwa kale, monga umachitira ukamamvera ulaliki.

Ndiyambe ndi chimene chandikhazika pansi. M'mawa uno, iwe utapita kukagula tikiti, ndinatsegula sutikesi yako kuti ndiikemo mtedza umene amalume ako atumiza kuchokera ku Chipangali. Sindinkafufuza kanthu, Mulungu ndi mboni. Pansi pa malaya a amuna ako dzanja langa linagunda chinthu cholimba chokulungidwa m'chitenje. Nditafunyulula ndinapeza thireyi ya amayi Jere, yonyezimira ija ya zogwirira ziwiri, imene amanyamulirapo keke ku tiyirumu kwawo. Ndinakhala pansi pomwepo.

Ndikuuziretu pano kuti usavutike kufunafuna mutu wa kalatayi: thireyi imeneyo isakwere basi ya ku Kabwe mawa. Ndaitulutsa, ndaipukuta, ili pampando pafupi ndi chitseko. Ndipo wokaibweza ukhale iwe, osati ine. Iwe ukupita kumene palibe akukudziwa, amuna ako anatsogola kale, akukudikira ndi nyumba yatsopano. Ine ndikutsala muno ndi mawondo angawa, ndipo munthu amene amabwera kudzagogoda ndikapanda kuoneka ku Misa alipo mmodzi yekha, ndiye amayi Jere, amayi ako a ubatizo. Ukanyamula thireyi ija wandinyamulira ndi mnzanga yemwe.

Ndamva kuti thireyiyo ukuitcha mbasela, ndipo kumene unatenga mawu amenewo ndikukudziwa, unawatenga kwa ine. Uli wamng'ono ndinkapita nawe kumsika utagwira nsonga ya chitenje changa. Tikagula tomato, ndalama nditapereka kale, ndinkati, “Nanga mbasela, amai?” Wogulitsa ankaseka, n'kusankha kamodzi kofewa kapambali, n'kuponya m'basiketi. Tsiku lina iwe unanditsogolera kupempha, mano akutsogolo atachoka, ndipo azimayi a mzere wonse anafa nako kuseka. Ndinanyada, ndinati mwana wanga ndi wochangamuka, sadzagona ndi njala. Koma maso ako anali pa tomato basi. Sunaone masiku amene mayi yemweyo ankapukusa mutu nati, “Lero iyayi, malonda sanayende.” Ine ndinkayankha kuti, “Mawa tsono,” tinkasiyana tikuseka. Mbasela ili ndi mwambo wake, Esinati. Umapempha utalipira, umapempha mwanthabwala, wosankha ndi mwini malonda, ndipo akakana mumasiyana bwinobwino. Dzanja lako silifika patebulo pake. Ndinakuphunzitsa kupempha, koma zikuoneka kuti kumva “iyayi” ndinaganiza kuti uphunzira wekha.

Ndinakhalaponso tsidya lina la tebulo, ndiye ndikudziwa mmene kumawawira. Chaka chimene malemu bambo ako anayamba kudwala ndinatsegula kabizinesi ka mtedza pakhomo pano. Amalume ako ankautumiza pa lole ya thonje, ine ndinkagulitsa wina wosenda, wina wokazinga. Makasitomala anga anali abale ndi azimayi a mumphakati mwathu mwa kutchalitchi. Aliyense akagula kambale kamodzi ankati, “Wonjezerani, amake Esinati, ife si anthu akutali.” Ine ndi manyazi angawa ndinkatapa dzanja lodzaza. Ena osagula n'komwe, ankangokhala pamphasa n'kumasenda tikucheza, pochoka makoko ali mbwee bwalo lonse. Thumba linatha, ndalama zoti ndikaodere lina osakwana. Bambo ako anadzuka pa bedi, anayang'ana thumba lopanda kanthu lija nati, “Amake Esinati, mumagulitsa kapena munali ndi sadaka?” Ndinakalirira kuseri kwa nyumba. Mwa onse anadya aja palibe amene anaganiza kuti wandilakwira, chifukwa aliyense ankangoona dzanja lake limodzi lija. Munthu mmodzi yekha ndi amene ankabweza dzanja langa. Ndikati ndiwawonjezere, amayi Jere ankati, “Bwezerani m'thumba umenewo, mudzandipatsa mukadzalemera.” Sindinalemere, ndipo sanandikumbutsepo.

Ukafuna kuona chimene mbasela yokakamiza imabala, kweza maso pakhoma pamwamba pa kabati. Tsiku la Ukaristiya wako woyamba ndinaitana bambo wojambula uja ankayenda pa njinga. Tinapangana chithunzi chimodzi, cha iwe wekha, ndi diresi yoyera ndi kandulo m'manja. Atangokonza kamera ine ndinayamba kukoka anthu, azakhali ako, ana a amalume, aneba, mpaka bambo ako amene ankakana. Wojambulayo anati, “Amai, mwalipira cha mwana. Anthu onsewa salowa, kamera siikula.” Ine ndinati, “Enawa ndi mbasela, jambulani!” Sanatsutsenso, anajambula. Chithunzi chitabwera, iwe ukuoneka kadontho koyera pakati pa gulu, ndipo bambo ako, amene anaima kumapeto posiyira alendo malo, anatsala khutu limodzi, phewa, ndi theka la chipewa. Tinaseka nthawi imeneyo, iwo ankati khutu lawo ndi lokongola kuposa nkhope. Tinkati tidzajambulitsa china zinthu zikadzayenda. Sitinajambulitse. Lero Tamara akandifunsa kuti ambuya ake aamuna anali otani, ndimamuonetsa khutu.

Tsopano tibwere ku za Loweruka. Usaiwale kuti tsiku limene unakapangana ndi amayi Jere ine ndinalipo, ndinali nditapita kukasiya mazira monga ndimachitira. Unati Tamara akukwanitsa zaka zisanu, ukufuna phwando la bethide ngati mmene achitira anzako a kumayadi, likhalenso lotsazikira. Munagwirizana keke, masikono ndi zakumwa za m'mabotolo, zokwanira ana a ku nazale amene amaphunzira ndi Tamara, pabwalo la kuseri kwa tiyirumu. Unalipira zimenezo, sindikukana. Koma iwo anakufunsa, ndinamva ndi makutu angawa.

“Palinso china, Esinati? Nena lero, ndidziwe poyambira.”

Iwe unakweza mapewa. “Aa, inu ndinu amayi anga, zinazo mudziwa nokha.”

“Ine ndimadziwa zimene ndauzidwa, mwana wanga.”

Unaseka, unayesa akucheza. Mumtima mwako munali mabaluni, zipewa zamapepala, wailesi ya makaseti, ndi nkhuku ya azimayi akuluakulu. Zonsezi unaziona kuphwando la mwana wa abwana a amuna ako, ndipo sunafunse kuti eni ake anazipeza bwanji. Sunazitchule chifukwa ukanatchula akanakuuza mtengo, ndipo unkadziwa kuti chikwama chako sichifika kumeneko. Unasankha kukhala chete kuti ubale ukulipirire. Ndikunena mosapsatira chifukwa ndine ndinakubala, wina sangakuuze.

Tsikulo unafika ndi ana a ku nazale, n'kuwonjezerapo ana a mzere wathu wonse, kumbuyo kwako azimayi a ku ofesi ya amuna ako atavala nsapato zazitali. Amayi Jere anayang'ana gulu lija. Anadula masikono pakati, anatulutsa mabenchi a mkati, anathira zakumwa m'makapu kuti botolo limodzi likwanire ana awiri. Ndipo ana anasangalala, Esinati. Unawayang'ana n'komwe? Tamara anali ndi keke mpaka m'tsitsi, anzake akumuimbira mokuwa ngati ali kumpira. Palibe mwana ndi mmodzi yemwe anafunsa za chipewa chapepala. Anafunsa ndi mmodzi wa azimayi a nsapato aja, amene anayang'ana m'mwamba nati, “Mabaluni sanafike kodi?” Pomwepo ndinaona nkhope yako ikusintha, ndipo nkhope imeneyo ndimaidziwa.

Zimene unanena pakhomo la khitchini sindilemba zonse. Unati, “Zaka zonsezi amayi anga akukubweretserani mazira, inu kulephera ngakhale baluni imodzi? Ndinu ouma manja inu. Ubatizo wanu unali wapakamwa chabe.” Unanena mokweza, alendo ako akumva, ana atasiya kutafuna. Amayi Jere anali ndi mpeni wa keke m'manja. Anauika pansi pang'onopang'ono nati, “Wamaliza, mwana wanga?” Kenako anabwerera kukatsuka makapu. Kunena zoona ndikanakonda akanakutukwana, mwina zikanathera pomwepo. Ine manyazi anandigwira moti ndinatulukira kuseri osatsazika munthu, n'chifukwa chake sindinaone chimene unafungatira m'chitenje pochoka.

Pali chinthu chimene iwenso sunaone chifukwa unalowera kuseri. Chitseko chakutsogolo cha tiyirumu chinali chotseka masana onse. Linali Loweruka la kumapeto kwa mwezi, nyengo ino alimi agulitsa thonje, tsiku limene anthu a kumidzi amadzaza mabenchi aja kufuna tiyi wamkaka ndi buledi. Ine ndinakhala pafupi ndi windo phwando lisanatenthe. Ndinaona azibambo akutsika pa njinga, kugwedeza chitseko, kusuzumira, n'kuwoloka msewu kupita kwina. Nditawafunsa amayi Jere anati manja awo ndi awiri okha, sangathamangire makasitomala ndi ana a Esinati nthawi imodzi. Ukudziwa mmene zinthu zilili masiku ano. Ufa ukukwera sabata ndi sabata, shuga ndiye osanena, amuna ambiri awachotsa ntchito ndipo tiyi akumwera kunyumba. Mayi wamasiye wotseka chitseko tsiku ngati limenelo wakupatsa chinthu chachikulu kuposa thumba lonse la mabaluni. Imeneyo ndiyo inali mbasela yako, ndipo anasankha okha monga mwambo ulili. Iwe unali kalikiliki kuyang'ana kudenga.

Thireyi ija usaione ngati chokongoletsera. Malemu a Jere anapatsidwa posiya ntchito ya ukhukhi kwa azungu, kalekale tawuni ino ikadali ndi dzina lakale, ndipo ndi yokhayo m'nyumba muja imene keke yaikulu imakwanapo. Loweruka likubwerali amayi Jere ali ndi keke ya ukwati. Kodi ukufuna akanyamulire pa chivundikiro cha poto? Ndipo usadzinamize kuti sakudziwa kumene ili. Lamulungu ku Misa sanakhale pambali panga monga mwa masiku onse, anakakhala kumbuyo kwa kwaya. Nthawi yopatsana moni wa mtendere anabwera ndithu, koma anandipatsa nsonga za zala, maso ali kumbali. Lachiwiri ndinapita ndi mazira. Anawalandira, koma mpando sanandipatse, ine amene ndimalowa mpaka kukhitchini osaodira. Ndikutuluka anati, “Amake Esinati, sindinauze munthu aliyense, ndipo kupolisi sindipita. Koma mwanayo ndinamugwira pa ubatizo ndine. Ngati ali ndi kanthu ka ine, abwere nako yekha. Inu musandibweretsere.” Ndinkayesa akunena za kupepesa chipongwe chako chokha. Lero m'mawa ndi pamene ndamva bwino.

Waona tsono chifukwa chake sindingakunyamulire? Ndikanatha, ndikanapita kale, ndikanagwada ngakhale mawondo akulira. Koma njira imeneyo anaitseka. Ndikapita nayo ine, ndiye kuti ndawauza kuti mwana amene anamugwira pa ubatizo anadutsa pakhomo pawo kupita ku basi osawaona ngati munthu. Akalandira thireyi, akandithokoza mwaulemu, ndipo kuyambira pamenepo tidzakhala anthu ogulitsana mazira basi.

Mwina waiwala kuti mayi ameneyu ndi ndani kwa ife, poti unali kamtsikana. Bambo ako atamwalira, abale a kuchimuna anabwera ndi maso pa katundu, akuloza mipando maliro asanatuluke n'komwe. Amayi Jere anakhala pakhomo la chipinda changa atatambasula miyendo, aliyense wofuna kulowa ankayenera kuwalumpha, ndipo palibe analimba mtima. Anthu atabalalika anagona nane pamphasa mpaka nditayambanso kudya. Nkhuku zoyamba zimene zikuikira mazira amene unawatonza nawo aja anandipatsa ndi iwo. Ndiye ukamati amayi anga akhala akukubweretserani mazira, dziwa kuti sindiwachitira chifundo ine. Amagula kwa ine ngakhale kumsika kuli otchipa, kuti ndisapemphe mchere kwa aneba. Ndili ndi mantha, Esinati, ndikunena poyera. Ndikuopa kukalamba mu Nabvutika muno popanda munthu ameneyu.

Ndikudziwa zimene uyankhe, ndakulera ndine. Unena kuti basi inyamuka m'mamawa, nthawi palibe. Amayi Jere amakoleza mbaula anthu asanayambe kuyenda mumsewu, ndipo njira ya kokwerera basi imadutsa pakhomo pawo penipeni. Unena kuti udzatumiza ndi kondakitala ukakafika, pamodzi ndi kakalata kokoma. Thireyi isakwere basi, ndanena, ngakhale yopita ngakhale yobwera. Unena kuti nawonso anakuchititsa manyazi pamaso pa anzako. Anzako ati? Aja anadya keke n'kufunsa mabaluni? Mawa lino ukakwera basi, palibe mmodzi mwa iwo adzabwere kudzakubayibitsa, ndipo mwezi wamawa adzakhala akuyang'ana kudenga paphwando la munthu wina. Manyazi enieni si kusowa baluni, mwana wanga. Manyazi ndi amene ndinamva ine nditakhala pansi m'chipinda mwako ndi katundu wa mwini m'manja.

Kumene ukupitako kulibe amayi Jere. Kumeneko ukatenga chinthu cha pa bizinesi ya munthu n'kuchitcha mbasela, sadzadikira kuti ubwere wekha, adzakutumizira apolisi amuna ako ali ku ofesi. Ndiye imva, poti maphwando mwawakonda ana inu ndipo Tamara sasiya kukula. Ukamapangana ndi munthu wa malonda, tchula chilichonse chili mumtima mwako, ngakhale kapu, ngakhale mpando. Funsa kuti mu mtengo umenewu muli chiyani, ndipo chimene mulibe ndi chiyani. Ukauzidwa mtengo wa mabaluni n'kuona kuti sukwanitsa, nena kuti asiye, palibe mwana anadwalapo chifukwa chosowa baluni. Ukanena kuti ubwera ndi ana a kalasi imodzi, usafike ndi komboni yonse. Ndipo wogulitsayo akakhala mbale wako kapena wa mumpingo mwako, ndiye uchenjere kwambiri, chifukwa ameneyo ndi amene amavutika kukukana. Mlendo amakuuza “iyayi” n'kugona tulo. Mbale amakupatsa, n'kukalirira kuseri kwa nyumba monga ndinachitira ine ndi thumba langa la mtedza. Akakupatsa kanthu kowonjezera, landira ndi manja awiri, uthokoze, ndipo ulendo wina usakawerengere kuti kadzakhalaponso.

Chomaliza ndi ichi, ndipo ndi chimene chandipangitsa kufuna pepala. Nditakhala pansi paja ndi thireyi pamwendo, Tamara analowa. Anati, “Ambuya, musakhudze, imeneyo ndi mbasela ya amami.” Ndinadzuka n'kukaiika pampando. Kenako ndinamutenga kupita naye pa kantemba ka apa pakona kukagula mchere. Ndikulandira mchere uja, ndinaona kadzanja kake kakulowa m'botolo la maswiti. Mwini kantemba anati, “Iwe, ukutani?” Tamara anamuyang'ana m'maso, osaphethira, nati, “Ndi mbasela yanga. Mukakana ndimatenga ndekha.” Ananena ndi mawu ako, Esinati, mpaka kapendekedwe ka mutu. Ndinamuuza kuti abweze ndi dzanja lake lomwelo ndipo anene pepani. Anakana, anadzigwetsa pansi, anthu anaima kutiyang'ana. Ndinadikira. Pamapeto pake anadzuka, anabweza switi ija, ananena pepani mamina ali chuchuchu, ndipo analira njira yonse yobwerera. Ukamufunsa chifukwa chake maso ali ofiira, ndi chimenecho. Pofika pakhomo anandifunsa kuti, “Nanga amami abwezanso?” Ndinamuuza kuti mawa aona yekha. Usandisandutse wabodza pamaso pa mdzukulu wanga.

Mawa tichite chonchi. Sutikesi apita nayo aneba pa wilibala, ndapangana nawo kale. Ine ndinyamula kachikwama ka kamba wapanjira, ndipo tikafika pa tiyirumu ndiima pamsewu, sindilowa. Iwe unyamule thireyi poyera, osaikulunga m'chitenje, dzanja linalo ugwire Tamara kuti aone. Mawu ambiri safunika. Ukagwade, unene kuti unatenga, unene kuti unalakwa pakamwa. Zimene akayankhe sindikudziwa, sindingakulonjeze kuti akakumwetulira. Koma ndikuwadziwa amayi Jere, munthu wobwera yekha samubweza pakhomo.

Ukasankha kudutsa osaima, ku basi ndikuperekeza ndithu. Ndikudalitsa, ndikupempherera ulendo wabwino pa mapiri ndi pa mlatho wa Luangwa, pakuti ndiwe mwana wanga ndipo zimenezo sizisintha. Koma basi ikanyamuka, ine ndidzabwerera ndekha njira yomweyo, ndidzadutsa pa chitseko chomwecho, ndipo sindikudziwa kumene ndidzaike maso anga.

Mtedza ndauika m'sutikesi, pamalo pomwe panali thireyi. Umenewo sunapemphe, ndakupatsa ndekha.

Ndine mayi wako wokubala,
Anaphiri